Kupeza liwiro la chombo cha Cutty Sark

Funso lake ndi ili: Cutty Sark, chombo cha mathanga chomwe chinakhomedwa ku Scotland mu 1869 kuti chizikatenga tiyi ku China, chinayendapo mamailosi a panyanja 363 tsiku limodzi. Chinkathamanga bwanji?

Yambani ndi kusandutsa tsikulo kukhala maola. Amalinyero ankawerenga kuyambira 12 koloko masana mpaka 12 koloko masana a mawa lake, ndiye kuti maola 24.

Kenako gawani mtunda ndi nthawi: 363 ÷ 24 = 15.125. Yankho limeneli lili mu ma knot, poti knot imodzi ndi mailosi imodzi ya panyanja pa ola.

Apa ndiye pomwe ophunzira ambiri amapunthwa. Mailosi ya panyanja si yofanana ndi ya pamtunda ayi. Ya panyanja ndi makilomita 1.852, pomwe ya pamtunda ndi 1.609 basi. Choncho chulukitsani 15.125 ndi 1.852, mupeza makilomita pafupifupi 28 pa ola. Zikuoneka zochepa, komatu imeneyo ndi mphepo yokha, popanda injini, usana ndi usiku.

Kuti mutsimikize, dzerani njira ina: 363 × 1.852 ndi makilomita pafupifupi 672, ndipo 672 ÷ 24 = 28.