Musathamangire kamzere kapamwamba pa mashoko akutsogolo

Mukagula mashoko akutsogolo otha kukweza galimoto, monga Bilstein 5100, mudzaona timizere tozungulira pathupi la shoko. Kamphete kachitsulo kamalowa m'kamzere kamodzi, ndipo mpando wa sipuling'i umakhazikika pamenepo. Ambiri amasankha kamzere kapamwamba, kamene kamakweza kwambiri kutsogolo, kuti pikapu izioneka yadzitho. Chonde abale, musatero.

Kumbuyo kwa pikapu opanga galimoto anakukweza dala kuti mukapakira katundu galimoto ikhale yofanana. Ngati mumanyamula matumba a chimanga kuchokera ku Mitundu kapena mabelo a fodya kupita ku Kanengo, kutsogolo kukakwera kwambiri kumbuyo kumagwa, magetsi n'kumathobwa anzanu m'maso pa M1 usiku. Komanso shoko imatsala ndi mpata wochepa wotambasukira, ndiye tayala likagwera m'dzenje mumsewu wafumbi mudzamva kuti gu! Ngati ndi 4x4, ma CV joint (mfundo za zitsulo zozunguza matayala akutsogolo) amapendama mopitirira, mphira zake n'kumang'ambika msanga.

Ine ndimalangiza kamzere kapakati. Amene muli ndi bull bar (chitsulo chotchinga kutsogolo kwa galimoto) yolemera mutha kukwerako kamzere kamodzi, poti kulemerako kumatsitsa mphuno ya galimoto.

Musanamasule kanthu, yezani ndi tepi kuchokera pakatikati pa tayala mpaka m'mphepete mwa madigadi, mbali zonse ziwiri. Ganizirani bwino musanasankhe, chifukwa kusinthanso kumafuna kuchotsa shoko yonse ndi kupanikiza sipuling'i. Mukamanga, pitani ku alayimenti tsiku lomwelo, apo ayi matayala adzadyeka mbali imodzi.