Momwe mungasinthanitsire zida za klatchi pa Triumph Bonneville za zaka zosiyana

Mapuleti a klatchi a Triumph ya 1966 ndi a ya 1974 mukawayala pa benchi amaoneka ngati mapasa. Apa mpamene ambiri amapusitsika, nkuganiza kuti klatchi yonse ya njinga yamoto imodzi ilowa pa inzake. Zina zimalowadi, koma zina zimaona msana wa njira.

Musanamasule bawuti iliyonse, werengani nambala ya injini. Idadindidwa kumanzere, kunsi kwa silinda. Kuyambira pa njinga za 1969, nambalayi ili ndi zilembo ziwiri, choyamba cha mwezi, chachiwiri cha chaka: C ndi 1969, D ndi 1970, E ndi 1971. Za pa bulubuku musazidalire kwenikweni, chifukwa njinga yazaka zoposa 50 yadutsa m'manja mwa amakaniko ambiri, ndipo injini mwina si yomwe idachoka nayo ku fakitale ya Meriden ku England.

Mukadziwa chaka, dziwani banja la klatchi yanu. Bonneville zoyamba, kuyambira 1959 mpaka 1962, zinali ndi giyabokosi payokha, tcheni cholumikiza injini ndi klatchi cha mzere umodzi, ndi masipuling'i anayi. Mu 1963 injini ndi giyabokosi zidalowa m'nyumba imodzi, tcheni chidakhala cha mizere iwiri, masipuling'i atatu. Bonneville T140 ya 750 cc, yomwe idabwera mu 1973, ili ndi tcheni cha mizere itatu. Ndiye gudumu la mano losunga mapuleti, lomwe amakaniko amati basiketi, silisamuka lokha. Likasamuka litenge tcheni chake ndi gudumu la mano la ku injini. Ine ndimati ngati basiketi yanu siinadyeke, isiyeni, musinthe mapuleti ndi masipuling'i basi.

Tsopano khuthulani oyilo, chotsani chivindikiro chakumanzere, kenako alitaneta. Masulani manati atatu a masipuling'i (anayi pa zoyamba zija), solozani mapuleti mukuwasanja momwe atulukira. Pakati pa klatchi pamagwira shafuti molimba, ndipo pamafunika chozulira chake. Nyundo ndi tayala liva ayi. Pa njinga za kuyambira 1963, tcheni chilibe polumikizira, choncho basiketi, tcheni ndi gudumu la ku injini zimatuluka pamodzi. Yalani nsalu pansi musanakoke, chifukwa kuseri kwa basiketi kuli timarola 20 tomwe timangoti mbwee pa simenti, kamodzi nkukabisala kunsi kwa kabati. Pobwezera, tipakeni girizi kuti timamatire pamalo pake, ndipo muwerenge kawiri.

Pa manati pali msampha wina. Chakumapeto kwa zaka za m'ma 1960, Triumph idasiya mazinga akale a ku Britain, a BSF ndi CEI, nkuyamba a UNF. Nati wa chaka china amatha kulowa kawiri katatu kenako nkuuma. Mukamukakamiza ndi sipanala mwapha shafuti ya giyabokosi. Yambani ndi zala nthawi zonse. Akakana, si wake.

Ikani zakale ndi zobwera pambali pambali, muyeze. Puleti yachitsulo igonekeni pa galasi, muidinikize m'mbali ndi chala. Ikamagwedera yapindika, itayeni. Yang'anani mipata ya mu basiketi: ngati makutu a mapuleti akumbamo timizere ngati mano a sowo, klatchi izikoka ndipo giya yoyamba izilowa ndi phokoso. Timizere tosaya mungasalaze ndi fayilo. Mulu wonse wa mapuleti ufanane msinkhu ndi wakale, ndipo kamtengo kachitsulo kokankha klatchi kakhale kautali womwewo.

Masipuling'i a T140 ndi olimbirapo kuposa a Bonneville zakale za 650 cc. Amalowa, ndipo amachiza klatchi yotereka, koma dzanja lamanzere lidzakuuzani mukakhala pa mdipiti wa magalimoto. Musasakanize, atatu onse akhale a mtundu umodzi.

Mukamanga, onani ndi rula yachitsulo ngati mano a basiketi ndi a ku injini ali pa mzere umodzi. Kenako finyani liva, pondani kiki pang'onopang'ono mukuyang'ana puleti yakunja ikuzungulira. Ikamavina, mangitsani pang'ono nati wa mbali yomwe ikutukuka kwambiri mpaka izinyamuka mofanana. Pamenepa khalanipo, mphindi khumi zapano zimapulumutsa kumasulanso. Lekererani kebulo, lowetsani sikulu yapakati mpaka igunde kamtengo kaja, ibwezeni pafupifupi theka la kuzungulira, mangani nati wake, kebulo muimalizire ku liva ndi kampata pang'ono.

Mapuleti atsopano anyowetseni mu oyilo musanawaike. Kuyambira 1970 oyilo wa ku tcheni ndi yemweyo wa mu injini, ndiye thirani wa njinga zamoto wolembedwa JASO MA. Oyilo wina wa galimoto ali ndi mankhwala oterereka, ndipo klatchi yatsopano iyamba kutereka pa chitunda choyamba.