Momwe mungathandizire mwana wa autism kulankhula ndi kulemba ntchito ya kusukulu pakhomo

Mwana wathu wamwamuna anafika zaka zinayi asanatchule mawu opitirira asanu, ndipo lero ali mu Sitandade 2 pa sukulu ina kufupi ndi Bembeke. Zimene ndalemba pano ndi zimene tinachita pakhomo, ine ndi mayi ake, achipatala atatiuza kuti ali ndi autism, vuto limene limakhudza kulankhula ndi kucheza ndi anthu.

Choyamba muyezetseni makutu, chifukwa mwana wosamva bwino nayenso amachedwa kulankhula, ndipo thandizo lake ndi lina. Yambirani ku chipatala cha boma, kumene adzakulemberani m'buku kokaonana ndi akatswiri. Ife anatitumiza ku Lilongwe. Mukadzangoyamba kufunsafunsa mudzakumana ndi ogulitsa mankhwala a m'mabotolo amene amati amamasula lilime, ena pa WhatsApp, ena pamsika. Autism ndi vuto la kakulidwe ka ubongo: silichoka ndi mankhwala, ndipo siliyamba chifukwa cha ufiti kapena katemera. Ndalama imeneyo isungireni thiransipoti.

Chachiwiri ndi makhadi a zithunzi. Jambulani ndi foni zinthu zenizeni za pakhomo panu, monga kapu yake, mbale ya phala, chitumbuwa ndi chitseko cha chimbudzi, kenako mutsukitse zithunzizo ndi kuzimata pa katoni. Makhadi ogula ali ndi maapozi ndi mabafa a kunja amene mwanayo sanawaonepo. Osindikiza a pa boma amalipiritsa lamination (kukuta ndi pulasitiki) pa khadi lililonse, pamene selotepi yaikulu imodzi imakuta makhadi onse. Njirayi ndi yotengera PECS, njira yolankhulana popereka zithunzi imene inayamba ku America mu 1985: mwana amapereka chithunzi kuti alandire chinthucho. Yambani ndi khadi limodzi la chinthu chimene amachikonda kwambiri, ndipo mukhale anthu awiri, wina atagwira chitumbuwa kutsogolo, wina kumbuyo kwa mwana akumuthandiza kunyamula khadi osalankhula kanthu.

Apa ndi pamene tinalakwitsa. Mwanayo atazolowera khadi, ndinaganiza kuti likumupatsa ulesi, ndipo agogo ake anagwirizana nane. Ndinayamba kubisa mbale kumbuyo, n'kumati, "Nena kuti phala, ndikupatsa." Tsiku loyamba analira. Lachitatu anadzimenyetsa mutu kukhoma, ndipo kwa sabata ziwiri akangoona makhadi ankathawira kuseri kwa nkhokwe, phala lija osalikhudza ngakhale mayi ake atamupatsa bwinobwino. Mphunzitsi wa ana ofunika thandizo lapadera, amene anaphunzira ku koleji ya Montfort ku Chiradzulu, anandifunsa funso limodzi lokha: "Kodi bambo, atakupatsani khadi lija, sikuti anali atanena kale?" Ndinasowa choyankha.

Chimene anatiphunzitsa ndi ichi. Mwana akakupatsani khadi, khalani chete ndi kuwerenga chamumtima mpaka 10, chifukwa ana ambiri otere amatenga nthawi kuti mawu atuluke. Akatulutsa ngakhale "pha", sangalalani ndipo mumupatse pomwepo. Akapanda kutero, tchulani inuyo kamodzi kuti "phala" n'kumupatsabe. Chakudya chenicheni, madzi ndi chimbudzi musazisandutse mayeso. Phunzitsirani pa zinthu zongowonjezera, monga mtedza kapena mpira. Zinatitengera mwezi wathunthu kuti ayambenso kukhulupirira makhadi, ndipo liwu latsopano loyamba analitulutsa iye yekha, mayi ake akusenda mbatata.

Mawu akayamba, mwina adzabwereza zimene mwanena. Mukati "Ukufuna madzi?" iyenso ati "Ukufuna madzi?" Musamudzudzule, chifukwa kumeneko ndi kuyesa kulankhula. Chepetsani mafunso ndipo muzinena monga iye ayenera kunenera: "Ndikufuna madzi." Ngati iye ali pa liwu limodzi, inu muzigwiritsa awiri basi.

Ntchito ya kusukulu izichitika pa malo amodzi ndi nthawi imodzi tsiku lililonse, wailesi itazimitsidwa. Ife timayala mkeka akangomaliza nkhomaliro, kusanayambe kuzizira, popeza juzi yaubweya imamuyabwa ndipo akaivala samvetsera. Mphindi khumi zikwanira. Ikani makhadi awiri patsogolo pake, "choyamba kope, kenako mpira", ndipo lonjezolo mulisunge. Maphatikizo monga ba, be, bi, bo, bu alembeni pa zitsekerero za mabotolo kuti aziwalumikiza kupanga mawu, ndipo masamu awerengere nyemba. Ngati pensulo ikumuvuta, ayambe ndi chala padothi. Masamu akakhala khumi pa tsamba, phimbani enawo ndi pepala kuti aone imodzi.

Sungani kope laling'ono m'chikwama mwake loti inu ndi aphunzitsi muzilemberanamo mzere umodzi patsiku, ndipo kafunseni kwa a PEA (mlangizi wa sukulu za pulayimale) ku TDC (likulu la aphunzitsi a m'dera) ngati m'dera lanu muli sukulu yokhala ndi resource centre, malo ophunzitsirako ana ofunika thandizo lapadera.