Momwe mungatontholetsere alamu yodzitchera yokha usiku popanda kuchotsa chitetezo

Alamu yodzitchera yokha nthawi ikakwana imathandiza, chifukwa simugona ndi nkhawa yoti mwina mwaiwala. Vuto lake ndi phokoso. Ikangokwana 22:00, keypad (kabokosi ka mabatani kolamulira alamu) ya m'kolido imayamba kulira, khanda limene linavuta kugoneka ladzuka, agalu nawonso ayamba kuuwa. Ena akatopa amangozimitsiratu alamu yonse, ndipo kulakwitsa kwenikweni kuli pamenepo. Phokoso lililonse lili ndi pozimitsira pake, choncho mukhoza kuchotsa lokhalo limene likukusowetsani tulo.

Ndifotokoza za alamu za DSC PowerSeries, monga PC1616, PC1832 ndi PC1864, zopangidwa ndi kampani ya ku Canada. Ngati yanu ndi ya Paradox kapena mtundu wina, mabatani ake ndi osiyana, koma kaganizidwe n'komweko.

Poyamba, mvetserani usiku umodzi kuti mudziwe chimene chikulira. Kulira kotalika kwa keypad nthawi yodzitchera itatsala pang'ono ndi chenjezo. Kulira kodukizaduka munthu atangoitchera yekha alamu ndi kuwerenga nthawi yoti atuluke. Ngati siren ya panja ikulira kamodzi mwachidule, ikungotsimikiza kuti alamu yatcheredwa. Kulira kawiri mwachidule kobwerezabwereza masekondi 10 alionse kukutanthauza kuti pali chavuta.

Yambani ndi chavutacho. Dinani # kuti kulirako kusiye, kenako *2 kuti muone nambala ya vuto. Nambala 2 ndi magetsi kuthima, 8 ndi wotchi ya alamu kusokonekera, ndipo 1 ndi vuto lofuna katswiri, kawirikawiri batire likakhala lafooka. Kwathu kuno magetsi amathimathima, ndiye batire la 12V 7Ah la m'bokosi la alamu limatha msanga. Likatheratu magetsi kulibe, alamu imaiwala nthawi, ndipo kudzitchera pa nthawi yake sikungayendenso bwino. Konzani wotchi podina *6, khodi yaikulu ya mwini nyumba, kenako 1. Lembani ola ndi mphindi m'kawerengedwe ka maola 24, kenako mwezi, tsiku ndi chaka, manambala awiriawiri. Batire lofooka lisintheni. Kudina # usiku uliwonse sikulichiritsa.

Chachiwiri, zimitsani belu la pakhomo, lija limalira munthu akangotsegula chitseko. Dinani *4. Mukadinanso limabwerera.

Chachitatu ndi njira imene ndimaikonda kuposa zonse, chifukwa simusintha kalikonse m'kati mwa alamu: itchereni nokha nthawi yake isanakwane. Popita kogona, dinikizani batani la Stay kwa masekondi awiri. Zitseko ndi mawindo zimatetezedwa, masensa a m'kati (tizida tozindikira munthu akamayenda) oikidwa kuti azipuma anthu akakhala m'nyumba amapuma, ndipo pa alamu zambiri za mtunduwu kuwerenga nthawi yotuluka kumachitika mwakachetechete. Ola lodzitchera likafika, alamu imapeza kuti ili kale pa ntchito, ndiye palibe chochenjezera. Kudzitchera kuja kumangotsalira tsiku limene mwaiwala, ndipo tsiku limenelo kulira kwake n'koyenera. Palinso njira ina yotchera podina *9 ndi khodi, koma samalani nayo: imachotsa nthawi imene wolowa amapatsidwa kuti alembe khodi, moti wobwera mochedwa akangotsegula chitseko siren imalira pompo.

Ngati ola lenilenilo ndi limene silikuyenerani, lisunthireni pamene anthu akadali maso. Dinani *6, khodi, kenako 3. Sankhani tsiku, 1 kukhala Lamlungu mpaka 7 Loweruka, n'kulemba nthawi, mwachitsanzo 2030. Kudina *6, khodi ndi 2 kumayatsa kapena kuzimitsa kudzitchera konseko.

Chachinayi, chepetsani mawu a keypad yoyandikana ndi zipinda zogona. Pa keypad ya PK5500, yolemba mawu pagalasi, dinani *6 ndi khodi, yendani ndi mabatani a mivi mpaka pa Buzzer Control, dinani *, sankhani mlingo umene mukufuna, n'kutuluka ndi #. Keypad iliyonse imasinthidwa payokha. Ya pakhomo lolowera isiyeni ikumveka, chifukwa ndi imene imakumbutsa wolowa kuti alembe khodi siren isanalire.

Zotsalazo ndi za katswiri amene anakuikirani alamu, poti zimafuna khodi yake kudzera pa *8. Muuzeni momveka kuti mukufuna zinthu zitatu: azimitse kulira kwachidule kwa siren alamu ikamadzitchera, akhazikitse kuwerenga nthawi yotuluka kopanda mawu, ndiponso afupikitse chenjezo. Ziwiri zoyambazo zili m'gawo 014 la zosintha za katswiri, chenjezo lili m'gawo 199. Musalowemo nokha mongoyesa, chifukwa m'gawo 014 momwemo muli zokhudza kaliridwe ka siren moto ukabuka.

Chenjezolo afupikitse, koma asalichotse. Limapatsa mpata munthu amene akadali panja, kaya akutseka geti, kaya akuanula zovala, kuti alembe khodi n'kuimitsa kudzitcherako. Mufunseninso katswiriyo ngati alamu ikadzitchera imadzutsa masensa a m'kati. Ngati imatero, wopita kukamwa madzi kukhitchini pakati pa usiku adzadzutsa mudzi wonse, mwinanso kuitanitsa galimoto ya kampani ya chitetezo pachabe.

Alamu zina zimachita kuyankhula, monga Qolsys IQ Panel ndi SimpliSafe, zimene abale athu okhala kunja amazipeza m'nyumba zambiri. Pa zimenezi mawu olengeza ali ndi poikira pake posiyana ndi siren. Lowani m'zosintha za mawu pagalasi la alamu kapena pa pulogalamu ya pafoni, n'kuchepetsa kapena kuzimitsa mawu oyankhulawo okha. Dziwani kuti kawirikawiri kusinthaku kumakhala kwa usana ndi usiku womwe.

Mukamaliza, yesani masana. Imbirani kaye kampani imene imayang'anira alamu yanu, ndipo dziwitsani anansi. Ikani nthawi yodzitchera mphindi 10 kutsogolo, dikirani, muone ngati nyali yofiira ya Armed yayaka. Kenako tsegulani chitseko mumve ngati keypad ya pakhomo ikuchenjeza, ndipo mulole siren ilire pang'ono musanalembe khodi. Pomaliza bwezerani nthawi ya usiku pa tsiku limene munayeserapo.