Si botolo lililonse lopopera kumaso limene limagwira mekapu

Chiyambireni kutentha kwa Okutobala kuno ndapita ku maukwati atatu ndi chinkhoswe chimodzi ndipo konseko vuto ndi limodzimodzi. Mkwatibwi watuluka mu saluni mmawa nkhope ili bwinobwino, pofika nthawi ya perekaniperekani faundeshoni yatsetsereka mpaka m'khosi, kolala ya diresi loyera yada. Ukamufunsa amene anamupaka akuti komatu ndinapopera setting spray. Ndione botololo, ndi rose water wosakaniza ndi glycerin, kapena aja olembedwa dewy, glow, hydrating mist. Asisi opaka mekapu, amenewotu ntchito yake ndi ina.

Setting spray yogwiradi mekapu imakhala ndi madzi, nthawi zambiri alcohol, komanso chofunika kwambiri ma polymer monga PVP kapena acrylates copolymer. Mukapopera madzi ndi alcohol zimauma msanga, polymer uja amatsala ngati kachikopa kopyapyala kosaoneka kamene kamamanga paudala ndi faundeshoni kuti zisasunthe thukuta likayamba. Basi, chinsinsi chake ndi chimenechi. Pomwe glycerin iye amakoka chinyezi nkuchisunga pakhungu, zabwino ndithu kwa munthu wa khungu louma mu Juni kukuzizira, koma inu mukuthira pa mtsikana wa khungu lamafuta amene akavine masana onse mu holo ya malata, mwinanso ku Chikwawa kumene kutentha kumadutsa madigiri 40, nde mukuyembekezera chani? Ngakhale MAC Fix+ imene ambiri mumaitama, mphamvu yake ili pochotsa kuoneka kwa fumbi kwa paudala kuti nkhope ioneke ngati khungu, si yolimbana ndi thukuta tsiku lonse ayi.

Ndipo zimawawa chifukwa amene amalipira ndi mwana wa eni ake. Diresi ambiri amachita kubwereka, faundeshoni ikalowa mu kolala dipoziti yapita. Wojambula walipidwa kale koma zithunzi zonse za masana mphumi ikunyezimira, pansi pa maso pali mizere, ndipo ukwati sabwereza. Inuyonso dzina lanu limaonongeka, azimayi a mu komiti akangoti uja mekapu yake imasungunuka mwataya makasitomala mpaka Disembala, nyengo yeniyeni ya ndalama.

Chimene chimanditopetsa ndi yankho loti ife timapanga chonchi kuyambira kale. Ena mpaka lero akumapopera hair spray kumaso eti imagwira kwambiri. Imagwiradi, koma anaipangira tsitsi, ikalowa m'maso imawawa ndipo pakhungu imaumitsa nkuyabwitsa. Lekani zimenezo chonde.

Pa chinkhoswe chija mayi ake a mtsikanayo, mlimi wa tomato, anandikokera pambali nkundiuza kuti iwo anaona cholakwika mmawa momwe. Akuti akamapopera tomato wao sayandikitsa mpope pa tsamba chifukwa mankhwala amangoyenderera pansi ndalama nkupita pachabe, koma wopaka uja amapopera mwana wao pafupi ngati akuthirira dimba mpaka madontho kutsika m'masaya. Mayiwa sanagwirepo burashi ya mekapu koma ananena zoona, nkhope ikanyowa chonchija faundeshoni imayamba kusuntha musanatuluke nkomwe pakhomo.

Nde pogula tembenuzani botolo muwerenge kumbuyo, mukapanda kuona PVP, VP/VA copolymer kapena acrylates dziwani kuti nthawi zambiri imakhala yongozizilitsa. Khungu lamafuta komanso nyengo ino tengani yolembedwa matte (yosanyezimira) kapena long wear (yokhalitsa), monga Urban Decay All Nighter, koma ikatchipa modabwitsa ikayikireni. Khungu louma kapena losachedwa kuyabwa pezani yopanda alcohol wambiri ndipo muiyese kaye pa nsagwada masiku angapo ukwati usanafike. Khutchumulani botolo, talikitsani masentimita 20 mpaka 25, atseke maso, poperani modutsanitsa ngati X kenako T, musakhudze mpaka iume yokha. Mkwatibwi mumupatse tishu yoti azingogunditsa pa thukuta osapukuta.