Kutsitsa phosphate m'thanki ya makorali

Ngati ndere zikuchuluka ndipo makorali asiya kukula, yambani ndi kuyeza phosphate m'madzi. Phosphate ndi michere yochokera ku chakudya ndi zonyansa za nsomba, yomwe imadyetsa ndere. Gwiritsani ntchito choyezera chotha kuwerenga manambala ang'onoang'ono. Mulingo wabwino ndi 0.03 mpaka 0.1 ppm (mamiligalamu pa lita imodzi ya madzi).

Kenako tsekani pomwe phosphate ikulowera. Chepetsani chakudya cha nsomba, sinthani filter sock (kathumba kosefera litsiro) masiku atatu aliwonse, ndipo mchere muzisakaniza ndi madzi a RO/DI okha (madzi osefedwa ndi makina ochotsa michere yonse), owerenga 0 pa choyezera TDS (kuchuluka kwa zinthu zosungunuka m'madzi). Sabata iliyonse sinthani magawo 10 pa 100 a madzi, mukukoka litsiro la mumchenga.

Phosphate ikapanda kutsika, ikani GFO (timibulu tokhala ngati dzimbiri la chitsulo, tomwe timayamwa phosphate) mu reactor (chubu chomwe madzi a m'thanki amadutsamo). Itsukeni kaye mpaka madzi ayere, muyambe ndi theka la mulingo wolembedwa pa paketi. Madzi azidutsa pang'onopang'ono moti pamwamba pake pazingogwedezeka. Akathamanga, timibulu timaperesana n'kukhala fumbi. Sinthani GFO madzi otuluka mu reactor akayambanso kuonetsa phosphate.

Nambala imatha kukweranso, chifukwa miyala ndi mchenga zimabweza phosphate yomwe zidamwa kale. Musapupulume kuwonjezera GFO. Kutsitsa mwadzidzidzi kumayezula makorali, ndipo ikafika pa ziro ma dinoflagellate (tizamoyo ting'onoting'ono topanga utsi wa bulauni woterera pa miyala ndi mchenga) amabuka, omwe ndi ovuta kwambiri kuwathetsa kuposa ndere.