Mwana wa khunyu, muyang'anenso khungu lake

Amayi ndi abambo, tikamayenda m'midzimu timapeza ana ogwa khunyu akumwa mankhwala zaka ndi zaka koma palibe amene anawavulapo malaya n'kuona thupi lonse. Pali matenda ena osowa oyambitsa khunyu, madokotala amati tuberous sclerosis, amagwira mwana mmodzi mwa ana pafupifupi 6,000 obadwa, ndipo nthawi zambiri khungu ndi limene limayamba kuulula.

Muoneni masana kuwala kuli bwino. Mawanga oyera ngati tsamba, atatu kapena kuposa, amene anaoneka ali wakhanda. Tizotupa ting'onoting'ono tolimba pamphuno ndi m'masaya, anthu amangoti ziphuphu koma ziphuphu zanji mwana wa zaka 5, ndipo sitituluka mafinya ngakhale mufinye bwanji. Kumsana cha m'chiuno mungapeze chigamba chokhuthala chokhakhala ngati khoko la lalanje, imeneyo ndi minyewa yolumikiza khungu yomwe yakula mopitirira. Akuluakulu ena timanyama timamera m'mbali mwa zikhadabo.

Chimene chimandidetsa nkhawa ine ndi cha mkati. Zotupa zomwezi zimamera mu ubongo, ndiye khunyulo, komanso mu impso, mumtima mwa khanda ngakhale m'mapapo makamaka kwa amayi. Zambiri si khansa ayi, koma cha mu impso chikakula chitha kuphulika n'kutaya magazi munthu asakudziwa kuti anali nacho. Ndiye mukaona zizindikirozi pitani kuchipatala ndi buku lake la kuchipatala lija, muwauze zonse pamodzi, khunyu ndi khungu, osangonena chimodzi, pemphani akutumizeni ku chipatala chachikulu ngati Queen Elizabeth, Kamuzu Central, Zomba kapena Mzuzu akapange sikani ya impso. Khanda likamadzidzimuka n'kupinda mutu ndi manja kangapo motsatizana, musadikire tsiku la sikelo, pitani lero lomwelo.

Chonde osatema mphini pa zotupazi, osazidula ndi lezala kapena kuziotcha, mungosiya zipsera ndi mabala. Si ufiti, si khate, sizipatsirana, mwana adye ndi anzake mbale imodzi.

Kholo likakhala ndi matendawa, pa mimba iliyonse mpata woti mwana atengere ndi theka, komabe mwa ana atatu odwala matendawa, awiri amabadwa nawo makolo onse alibe, ndiye zolozana zala m'banja zisakhalepo. Inunso makolo mukapimitse khungu lanu tsiku lomwelo lokapimitsa mwana, ndipo mankhwala a khunyu asadukize.